Padi, stick kapena leverless: ndigule chiti cha mpikisano wa Tekken 8 ndi Street Fighter 6?

Wa_ku_Chibavi:

Moni nonse abale anga a magemu omenyana. Funso langa likufuna anthu amene zipangizozi anazigwirapo ndi manja, osati zongomva.

Kuno ku Mzuzu ambiri tikusewerabe Tekken 7 ndi Mortal Kombat 11 pa PS4, koma PS5 yayamba kuwoneka ndipo anyamata akusamukira ku Tekken 8 ndi Street Fighter 6. Pa Tekken ndimatenga Kazuya, pa Street Fighter ndimatenga Ken. Padi yanga ndi DualShock 4, ndipo d-pad yake, mabatani oyendetsera aja, yayamba kudumpha df, kutanthauza pansi ndi kutsogolo pamodzi (d ndi pansi, f kutsogolo, b kumbuyo). Ndikafuna electric, nkhonya yamagetsi ya Kazuya ija, kumatuluka Wind God Fist wamba kapena d+2 (pa Tekken mabatani 1 ndi 2 ndi nkhonya, 3 ndi 4 ndi mateche), ndipo ndikakhala mbali ya P2, ya kumanja, Shoryuken ya Ken imasanduka Hadoken.

Ndalama ndili nayo ya chinthu chimodzi basi. Ndigule DualSense, ndigule stick, bokosi lija la lever ndi mabatani, kapena ndipite ku leverless ija ya mabatani okhaokha? Kodi leverless ndi yachangu zenizeni kapena ndi kutchuka chabe? Pa mpikisano imaloledwa? Nanga chikawonongeka, n'chiti chingakonzedwe konkuno osadikira katundu wochokera kunja miyezi iwiri?

Mkombaphala:

Achimwene, za liwiro zisiyeni kaye. Yambani mwafunsa makina amene mpikisanowo udzachitikire, chifukwa apa m'pamene anthu amataya ndalama. DualShock 4 yanuyo mukaibaya pa PS5 imagwira magemu a PS4 okha. Street Fighter 6 inatuluka mu Juni 2023 pa PS4 ndi pa PS5 pomwe, ndiye ngati okonza aika ya PS4 mutha kusewera nayo. Koma Tekken 8, imene inatuluka mu Januwale 2024, ya PS4 kulibe, ndipo pamenepo DualShock 4 siyankha n'komwe pokhapokha mutaidutsitsa mu kachipangizo kosinthira ngati Brook Wingman FGC. DualSense nayonso pa PS4 sigwira. Ngati kumene mumasewera kuli makina onse awiri, padi imodzi ya Sony yokha sikukwanirani.

Chachiwiri, padi isanyozedwe. Luffy anatenga mpikisano waukulu wa EVO wa 2014 pa Ultra Street Fighter IV ndi Rose akugwiritsa padi ya PlayStation yoyambirira ija. MenaRD watenga Capcom Cup kawiri ndi padi, Punk anatenga EVO 2024 pa Street Fighter 6 ndi padi, ndipo SonicFox pa Mortal Kombat amasewera ndi padi. Pa Mortal Kombat makamaka padi ndiye kwawo, chifukwa kutchinga kuli pa batani lake, R2, ndipo chala chamkombaphala chimakhala pomwepo nthawi zonse pamene chala chachikulu chikuyendetsa.

Vuto mwanenalo si la padi monga padi, ndi la kalabala. Pansi pa d-pad pali kalabala kokhala ndi timabwalo takuda tinayi timene timagunda pa filimu yamagetsi. Kakatopa kamang'ambika m'khosi mwa kabwalo kamodzi, kawirikawiri ka pansi kapena ka kumanja, ndiye mukadina df mbali imodzi imagunda, inayo imachedwa kapena sigunda. Kukonza kwake ndi motere. Masulani masikulu anayi akumbuyo ndi sikuludilaiva yaing'ono ya PH00, tsegulani chikuto pang'onopang'ono chifukwa pali kalamba kopyapyala kolumikiza polowera chaja ndi bodi, ndipo kakathothoka mwamphamvu padi sichajanso. Chotsani batire ndi chogonera chake, masulani sikulu imodzi yogwira bodi, kenaka mufika pa timalabala. Kayang'aneni pa dzuwa mukukoka pang'ono, pong'ambika pamawonekera. Ngati sikanang'ambike, pukutani timabwalo takudato ndi filimu ndi thonje lonyowetsa isopropyl. Sipiriti wofiirira uja amasiya utoto, ndipo madzi amabweretsa dzimbiri. Ngati kang'ambika, chotsani kena m'padi yakufa, koma onani nambala yolembedwa pa bodi, JDM-030, JDM-040 kapena JDM-055, chifukwa timalabala ndi filimu sizifanana pa mitundu yonse.

Mukaganiza zogula padi ina, pa Street Fighter 6 ndingakulozereni Hori Fighting Commander OCTA. Ili ndi mabatani asanu ndi limodzi kutsogolo, ndiye nkhonya zitatu zili pamzere wapamwamba, mateche atatu pamzere wapansi, ndipo mabatani a paphewa amatsala a Drive Impact ndi Drive Parry, kumenya ndi kutchinga kwapadera kwa gemu imeneyi. Ndi ya nthambo, imagwira PS5, PS4 ndi kompyuta. Pa Tekken mabatani anayi a DualSense akukwana, mungoika 1+2 ndi 3+4 pa mabatani a paphewa kuti kuthawa m'manja mwa King, womenya wokonda kugwira uja, kusavute.

Mapadi ofanizira ali mbwee m'misika, ndipo kunja kwake simungawasiyanitse msanga ndi enieni. Musapereke ndalama musanayese. Lowani mu Practice, yatsani zowonetsa zimene mwadina, dinani df kakhumi, db kakhumi, kenaka zungulirani d, df, f kakhumi mbali zonse ziwiri. Kukasowa df ngakhale kawiri, isiyeni.

Fundi_wa_Luwinga:

A Mkombaphala anena zoona kuti muyambe mwakonza padi muli nayoyo, chifukwa kalabala sikadula. Koma pa funso lanu lomaliza, loti chingakonzedwe kuno n'chiti, yankho ndi stick, ndipo palibe chopikisana nayo.

Mukatsegula stick mumapezamo zinthu zinayi basi: lever, mabatani, bodi ndi mawaya. Lever yodziwika kwambiri, Sanwa JLF, imalumikizidwa ndi kapulagi kamodzi ka mawaya asanu. Batani lililonse la Sanwa OBSF-30 lili ndi timiyendo tiwiri ta 2.8 mm tongovekapo waya, osawotcherera. Batani likafa mumafinya timakutu tiwiri tam'mbali, kulikankha kuchokera pansi, n'kuika lina. Ngati latsopano palibe, mumachotsa la L2 limene simuligwiritsa kwambiri n'kuliika pamene lafa, masewera n'kupitirira tsiku lomwelo. Pa padi zoterezi sizitheka.

Tsono pa stick pali mitundu iwiri ya lever, ndipo kwa munthu wa Kazuya kusiyana kwake n'kwakukulu. JLF ya ku Japan imabwerera pakati ndi sipulingi, ndipo pansi pake pali gate, kambale kokhala ndi bowo la ngodya zinayi kamene kamaikira lever malire. Ngodyazo zimathandiza kupeza df ndi db, koma ambiri amene akuyamba amazolowera kukankha lever mpaka kugunda khoma la gate nthawi iliyonse, ndiye dzanja limayenda mtunda wautali n'kumachedwa. Switch imakhala italira kale lever isanafike kukhoma. Phunzitsani khutu kumva kulira kwa switch, osati kugunda kwa gate. Ena amasintha n'kuika gate ya ngodya zisanu ndi zitatu, GT-Y, imene imafewetsa Hadoken, koma df yake imapezeka pamalo ochepa, ndiye kwa Kazuya ndi a banja lake la Mishima sindingailimbikitse.

Lever ya ku Korea, monga Crown 309 kapena Taeyoung Fanta, ilibe sipulingi yotero. Imabwerera pakati ndi labala lochindikala, ndipo imabwerera mwamphamvu. Electric ndi f, n, d, df+2, ndipo n ija, kubwerera pakati, ndi imene labalalo limakuchitirani lokha. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a Tekken a ku Korea, monga Knee, amagwiritsa mtundu umenewu. Musanaitanitse, onani kamangidwe ka bokosi lanu: ma lever ena a ku Korea ali ndi khosi lofuna bowo la 35 mm, pamene bowo la JLF ndi laling'ono. Crown yokhala ndi zilembo MJ kumapeto kwa dzina ndi imene inapangidwa kuti ikwanire pomangira pa JLF.

Kuipa kwa stick ndikuuzeninso. Ndi yodula, ndipo zabwinozo zimalemera makilogalamu awiri kapena atatu, kunyamula pa sacramento, njinga ya kabaza ija, kuchokera ku Chibavi kupita m'tauni kumafuna chikwama cholimba. Zing'onozing'ono zopepukazo zimaterereka pamiyendo mukamachita wavedash, kusendera kutsogolo pobwereza f, n, d, df mwachangu, ndiye mumataya df chifukwa bokosi layenda limodzi ndi dzanja. Komanso masabata oyamba mudzagonja kwa anthu amene mumawamenya ndi padi, chifukwa ntchito ya chala chachikulu yasamukira ku dzanja lonse. Ngati mpikisano uli mwezi uno, musasinthe tsopano.

Pa zogula: Hori Fighting Stick Alpha ndi Qanba Drone 2 zili ndi chilolezo cha Sony, mumangobaya pa PS5 kapena PS4 n'kuyamba. Alpha imatseguka ngati bokosi, kukonza kwake n'kophweka. Mayflash F300 ndi F500 n'zotsikirapo mtengo, koma pa PlayStation zimafuna kubayapo padi yeniyeni kapena ka dongle kuti makina azizindikire, ndiye muwerengere ndalama imeneyonso.

Kasamalidwe, poti kuno chinyezi n'chambiri, makamaka nyengo ya mvula ndi chifunga cha Juni ndi Julaye. Mtengo wachitsulo wa lever ndi timiyendo ta mabatani zimachita dzimbiri stick ikamasungidwa pansi pa simenti. Ikani mkati timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Lever ikayamba kulira kwiii kapena kukakamira, chotsani gate, chotsani ka E-clip kapansi mutaphimba ndi dzanja chifukwa kamauluka ndipo sikapezekanso, pukutani pozungulira pake n'kupakapo girisi ya silicone yochepa ngati njere ya mpunga. Girisi ya galimoto, Vaseline ndi mafuta a makina osokera ayi, zimakoka fumbi ndipo zina zimadya pulasitiki. Kampira ka pamwamba kakamasuka, gwirani mtengowo kuchokera pansi ndi sikuludilaiva yaphwatalala kenaka mupotokole kampirako.

Katoto_P2:

Ndiyankhe funso la liwiro, chifukwa pali zambiri zimene anthu amasakaniza.

Magemu onsewa amayenda ma frame, kapena kuti zithunzi, 60 pa sekondi, ndiye frame imodzi ndi 16.7 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi). DualShock 4 ya pa nthambo imatumiza uthenga maulendo 250 pa sekondi, kutanthauza 4 ms iliyonse. Bodi ya leverless yoyendera pulogalamu ya GP2040-CE imatumiza maulendo 1000, kutanthauza 1 ms. Kusiyana kwake ndi 3 ms, kosafika ngakhale kota ya frame imodzi. Amene akukuuzani kuti leverless imapambana chifukwa cha magetsi ake akulakwitsa. Drive Impact imatuluka pa ma frame 26, pafupifupi 433 ms, ndipo ngati simukuibweza, vuto si 3 ms ayi.

Phindu lenileni lili pa zala. Pa padi chala chimodzi chimayendera mbali zonse zinayi, pa stick dzanja limodzi limasuntha mtengo kuchoka mbali ina kupita ina. Pa leverless mbali iliyonse ili ndi chala chake chimene chagona kale pa batani: cha mphete kumanzere, chapakati pansi, chamkombaphala kumanja, chachikulu pa batani lalikulu lolumphira. Kuchoka pa kuyenda kutsogolo kupita pa kutchinga, palibe choyenda, chala china chikukwera china chikutsika.

Pa electric m'pamene zimawonekera bwino. Chimene chimasiyanitsa electric ndi Wind God Fist wamba n'chakuti df ndi 2 zifike pa frame imodzimodzi. Mukakhala mbali ya P1, gogodani kumanja n'kusiya, dinani pansi osachotsa chala, kenaka mkombaphala wa dzanja lamanzere ndi chala cha 2 cha dzanja lamanja zitsike pamodzi ngati mukuomba ng'oma ndi manja awiri. Kugwirizanitsa mabatani awiri n'kosavuta kusiyana ndi kugwirizanitsa lever yoyenda ndi batani. Korean backdash, kuthawira kumbuyo mwachangu, nayo imayera: b, b, kenaka db, b, n, b mobwereza. Chenjerani mukatenga Paul, Bryan kapena Nina, chifukwa pansi pakatsogola kumbuyo, makina amawerenga d, db, b ndipo amakupatsani sway, kupendekera kumbuyo, m'malo mwa backdash.

Si zonse zokoma. Mbali ya P2 kutsogolo kumagwera chala cha mphete, chimene n'chofooka ndipo chimakonda kukoka chapakati, ndiye wavedash ya mbali imeneyo imafuna kuiphunzira payokha. Ma 360 a Zangief ndi ma half circle, kuzungulira mbali zonse kapena theka, amavuta chifukwa zala zikathamanga zimadumpha d ya pakati. Ndipo kulumpha kuli pansi, pa chala chachikulu, ubongo umatenga nthawi kuti uvomere zimenezo. Pa Ken wanuyo, Shoryuken ndi f, d, df, koma ngati simunasiye f musanadine pansi, d yoyera siwoneka. Yatsani Input Display mu Training, imawonetsa nambala ya ma frame pambali pa chilichonse mwadina, muwone pamene zala zikumamatirana.

Za kuloledwa. Pa leverless mutha kudina kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi, kapena pansi ndi pamwamba, ndipo zimenezi amazitcha SOCD. Bodi iyenera kusankha chotumiza. Mu 2019 Capcom inaletsa Daigo Umehara kugwiritsa bokosi lake lija la Gafrobox ku Combo Breaker, ndipo mu 2023 inakhazikitsa lamulo la Capcom Pro Tour loti kumanzere ndi kumanja zikadinidwa pamodzi zipereke pakati, pansi ndi pamwamba chimodzimodzi. Mabokosi akale ankapereka kulumpha pa pansi ndi pamwamba, zimene zinkapatsa Guile Flash Kick yachangu. Choncho leverless payokha si yoletsedwa, koma ikani SOCD pa Neutral ndipo mufunse okonza mpikisano lisanafike tsikulo.

Msampha waukulu uli pa PS5. Ma leverless otsika mtengo ngati a Haute42 amayendera chip cha RP2040 ndipo alibe chilolezo cha Sony. Mukabaya imagwira bwinobwino, mumasangalala, koma pakatha mphindi pafupifupi 8 makina amafunsa chitsimikizo, osachipeza, n'kuidula pakati pa ndewu. Njira zake ndi ziwiri: kuidutsitsa mu Brook Wingman FGC, kapena kubaya ka dongle ngati Mayflash MagicBoots ya PS4 pa USB yachiwiri ya bokosilo ngati lili nayo. DualShock 4 pa USB imeneyo siitsegulira magemu a PS5. Razer Kitsune ili ndi chilolezo, koma inatuluka pa madola pafupifupi 300, musanaonjeze kutumiza ndi msonkho wa kasitomu, ndiponso ndi ya PS5 ndi kompyuta, osati PS4.

Ngati ndalama n'zochepa, mutha kupanga nokha. Mufunika kabodi kamodzi ka Raspberry Pi Pico, mabatani 11 a 24 mm, limodzi la 30 mm lolumphira, ena awiri kapena atatu a Start, Select ndi Home, waya wopyapyala ndi bokosi la kalipentala. Dinani batani la BOOTSEL pa Pico mukuibaya pa kompyuta, iwoneka ngati flash, koperani fayilo ya .uf2 ya GP2040-CE m'menemo, basi. Mwendo umodzi wa batani lililonse upite ku pini yake, GP2 pamwamba, GP3 pansi, GP4 kumanja, GP5 kumanzere, omenyera kuyambira GP6 mpaka GP13. Mwendo winawo ulumikizidwe mndandanda kuchokera batani ili kupita linalo mpaka ku pini ya GND. Waya wa GND ukaduka penapake, mabatani onse a kutsogolo kwake amafa pamodzi, ndiye mukawona atatu afa nthawi imodzi musasinthe mabatani, tsatirani wayayo. Zosintha zonse, kuphatikizapo SOCD, zili pa 192.168.7.1 mu browser ya kompyuta mukabaya bokosilo mutagwira Start. Kalipentala mumuuze kuti mabatani ongokankhira a OBSF amagwira pa chinthu chopyapyala cha pafupifupi 3 mm. Pa thabwa la 12 mm timakutu take sitituluka, batani limangogwedera. Pamwamba aike pulasitiki yolimba kapena chitsulo chopyapyala, apo ayi mugule a nati a OBSN ndipo thabwalo alisepule kunsi kuzungulira bowo lililonse.

Ine maganizo anga ndi awa: kwa munthu wa Kazuya ndi Ken amene ali ndi ndalama ya chinthu chimodzi, leverless yotsika mtengo pamodzi ndi Wingman FGC. Wingman yomweyo idzakutseguliraninso DualShock 4 yanu pa Tekken 8 pamene zala zikuphunzira.

Wa_ku_Chibavi:

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwandimasula. Padi ndiitsegula kaye mawa ndiwone kalabalako. Ndifunse chimodzi: kunyumba electric imatuluka bwino ndi padi ya mnzanga, koma tikapita nayo kosewerera kwina imakanika. Padi yomweyo, gemu yomweyo. Chimachitika n'chiyani?

Mkombaphala:

Pamenepo yambani mwakayikira TV, achimwene. TV zambiri zimakongoletsa chithunzi zisanachiwonetse, ndipo zina zimachedwa ma frame atatu kapena kuposa. Electric payokha sidalira TV, koma maso anu amawona mochedwa, ndiye nthawi yodinira mkati mwa combo imasokonekera ndipo zala zimayamba kuthamangira. Lowani mu Picture, sankhani Game Mode, zimitsani zonse zosalaza kayendedwe ka chithunzi, ndipo HDMI ichoke pa makina kupita pa TV mwachindunji, osadutsa mu splitter kapena home theatre. Pakakhala monitor ya kompyuta, sankhani imeneyo.

Kenaka nthambo. Kubaya USB sikutanthauza kuti padi ikulankhula pa nthambo. DualShock 4 yoyamba, CUH-ZCT1, imangochaja pa nthambo koma uthenga umapitabe pa Bluetooth. Yachiwiri, CUH-ZCT2 ya 2016, yokhala ndi kamzere kowala pamwamba pa touchpad, imatha, koma mpaka mutasankha Use USB Cable pa Settings, Devices, Controllers, Communication Method. Pa PS5 zili pa Settings, Accessories. M'chipinda modzaza mafoni ndi mapadi ena, Bluetooth imadukiza. Nthamboyo ikhale yotumiza data, chifukwa zina zotsika mtengo zili ndi mawaya awiri ochajira okha, ndipo isamagwedere polowera.

Mukamaliza kusewera pa makina a mpikisano, fufutani padi yanu pa mndandanda wa Bluetooth musanachoke. Ikatsala, batani la PS likadinika m'chikwama limaimitsa ndewu ya anthu ena. Pa malamulo ambiri woimitsa ndewu pakati amaluza raundi imeneyo, ndiye ngati mwatenga leverless kapena stick yokhala ndi kaswitchi kotsekera Start ndi Home, katsekeni mukangomaliza kusankha mabatani.